Dandaulo pa buku lopanda masamba lomwe munandigulitsa

Kwa a Manijala,

Ndatopa nako kuyimba foni, mayunitsi angondithera, ndiye ndati ndilembe basi. Buku la mbiri ya America lija ndinagula kwa inu mwezi wathawu lilibe masamba a mutu womwe ndinaligulira.

Ndili ndi asayimenti ku koleji ya kuukira kwa Daniel Shays ku Massachusetts mu 1786, pomwe alimi, ambiri oti anamenya nawo nkhondo ya ufulu, ankauzidwa kuti misonkho ndi ngongole alipire ndi ndalama zasiliva zomwe kumudzi kunalibe, akalephera makhothi n'kumawalanda minda ndi ziweto. Buku lanulo limafika pomwe alimiwo anatseka khothi ku Northampton mu Ogasiti, kutembenuza tsamba mwafika kale ku msonkhano wolemba malamulo oyendetsera dziko wa ku Philadelphia wa Meyi 1787. Za ku Springfield pa 25 Januwale 1787, pomwe anthu anayi anaphedwa akufuna kulanda nyumba yosungira zida za boma la dziko lonse, mulibe. Zoti Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, inalibe mphamvu yotolera msonkho moti asilikali a Benjamin Lincoln omwe anapita kukathetsa kuukirako anachita kuwasonkhera ndalama amalonda a ku Boston, mulibenso, chonsecho funso langa lagona pomwepo, kuti boma la dziko lonse linalephera kuteteza ngakhale zida zake zomwe.

Ndabwera katatu kuchokera ku Ndirande, thiransipoti yanga. Koyamba ati bwana atuluka, kachiwiri ati bwerani Lachisanu. Lachisanulo mayi wa pakauntala anatsegula bukulo, n'kuona yekha kuti manambala a masamba adumpha, kenako n'kundikankhira pamaso pa anthu ati "achimwene, za azungu oti anafa kalekale zikukupwetekani mutu chani, werengani zomwe zilipozo." Anzake n'kumaseka. Zinandiwawa kwambiri, ndalama imeneyo mayi anga anachita kukongola ku banki m'khonde ndipo akubwezabe mpaka pano, ndiye munthu azindiyankha ngati ndabwera kudzapempha?

Asayimenti ikufunika pa 30 mwezi uno. Ndikufuna buku lathunthu kapena ndalama zanga zonse lisanathe Lachitatu likudzali, komanso mayi aja muwalankhule. Mukapanda kutero nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loona za ufulu wa ogula, ndipo anzanga a m'kalasi omwe amati adzagule kwa inu ndawaonetsa kale bukulo.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa