Amereka asiye zoti wotsogola azikokota nthumwi zonse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa Electoral College, njira imene dziko la Amereka limasankhira pulezidenti. Ndimakhala m'chigawo cha Pennsylvania, chimene zipani zimachilimbirana kwambiri, ndipo mu 2024 ndale tinkagona nazo n'kudzuka nazo: pa TV, pafoni, mpaka achinyamata ogogoda pakhomo ndi timapepala tawo nthawi ya chakudya chamadzulo. Mlamu wanga wa ku California ankangondiseka, amvekere: "Kunotu kuli zii." Sikuti kumeneko kulibe anthu, alipo pafupifupi 39 miliyoni. Kungoti zipani zimadziwiratu amene atenge chigawocho, ndiye zivutikirenji?

Pulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi 538 zochokera m'zigawo, ndipo wofika pa 270 ndiye wapambana. M'zigawo 48, amene watsogola ngakhale ndi voti imodzi amakokota nthumwi zonse, ndipo pagona vuto ndi pamenepa. Mu 2000 Al Gore anapeza mavoti ambiri m'dziko lonse, koma George W. Bush anatenga Florida ndi mavoti 537 okha, mpando n'kukhala wake. Mu 2016 Hillary Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni, koma ku White House sanalowe. Wina asati ndikulirira chipani cha Democrat cha Gore ndi Clinton: mu 2020 anthu oposa 6 miliyoni ku California anavotera Trump, nthumwi zonse 55 n'kupita kwa Joe Biden. Mavoti awo analowa m'madzi.

Ambiri akuti Electoral College ingothetsedwa basi. Ndikuwamvetsa, koma n'zovuta. Kusintha malamulo oyendetsera dzikolo kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse m'nyumba zonse ziwiri za malamulo za Congress, zomwe ndi House ndi Senate, kenako zigawo 38 mwa 50 zivomereze. Kodi Wyoming, yokhala ndi anthu osakwana 600,000 koma nthumwi zitatu, ingalole kudzidula mapiko? Aphungu anayesapo kuthetsa Electoral College mu 1969, House inavomera, nkhani n'kukafera ku Senate.

Chigawo chilichonse chili kale ndi ufulu wosankha kagawidwe ka nthumwi zake. Maine ndi Nebraska amagawa potengera madera a aphungu, ngakhale njirayi sindiikhulupirira kwenikweni chifukwa malire a maderawo amadula ndi andale omwewo. Ine ndikuti azigawa molingana ndi mavoti: wapeza theka la mavoti, atenge theka la nthumwi. Chovuta n'chakuti California, imene imakonda kuvotera a Democrat, singayambe yokha Texas, imene imakonda kuvotera a Republican, ikungoonerera, choncho zigawo zikuluzikuluzi zipangane tsiku limodzi loyambira.

Wowerenga wanu,
ku Pennsylvania