Andiitana kukaimba pamsonkhano wa eni mabizinesi, ndikatsika pa siteji nditani?

Aphungu,

Ndine woimba, ndimaimba ndekha ndi gitala. Andiitana kukasangalatsa anthu pamsonkhano wa masiku awiri wa eni mabizinesi ndi otulukira nzeru zatsopano, kumene anthu amapita kuti akadziwane ndi kupeza oika ndalama m'malonda awo. Za pa siteji ndikuzidziwa. Chandisowetsa tulo ndi za pansi, nyimbo zikatha.

Ndiyambe ndi zomwe ndakonza kale, kuti musavutike kundiuza zimenezo. Okonza msonkhano ndawatumizira pepala la zofunika zanga: maikolofoni imodzi yogwira m'manja, monga Shure SM58, sitandi yake, DI box ya gitala (kabokosi kolumikizira gitala ku makina okuzira mawu), zingwe ziwiri za XLR (zolumikizira maikolofoni ndi kabokosiko ku makinawo), ndi sipika imodzi yoyang'ana kwa ine kuti ndizidzimva. Ndalemba zonsezi chifukwa zipangizo za m'maholo a misonkhano amazikonzera olankhula. Maikolofoni ya pagome ija ya khosi lalitali imatola phokoso lililonse, ndipo ukaimbirapo mokweza mawu amasweka. Masipika akudenga amameza mawu okhuthala a gitala. Maikolofoni ikayang'anizana ndi sipika, mawu amazungulira n'kuyamba kulira kobaya m'khutu, ndipo maso onse amagwera woimba ngakhale wolakwa ndi amene anaika sipikayo. Choncho ndapempha mphindi 20 zoyesa zipangizo m'mawa anthu asanalowe, ndikudziwa kuti holo ikadzaza matupi a anthu amamwa mawu, ndiye padzafunika kukweza pang'ono. Ng'oma ndi zida zina ndinazijambuliratu, zili pa flash ziwiri. Sindidzaimbitsa foni, paja uthenga wa WhatsApp ukalowa pakati pa nyimbo holo yonse imaumva.

Andipatsa mphindi 15. Ndakonza nyimbo zitatu, yachitatu yoti nditha kuisiya, popeza olankhula amadya nthawi ndipo woyamba kudulidwa amakhala woimba.

Poyamba ndithandizeni za malipiro. Mwachizolowezi ndimalandira theka ndisanapite, theka ndikamaliza. Okonza msonkhanowu akuti ndalama palibe, koma andilola kukhala nawo masiku onse awiri, ndipo akuti “mudziwika”. Mawu amenewa oimba timawamva kwambiri, ndipo salipira ngakhale chingwe cha gitala chikaduka. Komabe apa ndikukayika kukana, chifukwa m'holomo mudzakhala anthu amene amalembadi oimba ntchito. Ndafunsa za baji yolowera pamsonkhano, ndapeza kuti ya osangalatsa anthu silowetsa munthu m'zipinda zokambirana kapena kuphwando lamadzulo, kumene anthu amacheza momasuka. Ndikavomera, ndikufuna zilembedwe: baji yofanana ndi ya nthumwi, dzina langa pa pulogalamu ndi pa sikirini nthawi yonse imene ndikuimba, ndalama yoyendera, ndi kanema wa kuimba kwanga. Kodi ndikupempha zambiri, kapena ndikudzitchipitsa?

Akuti adzaulutsa msonkhanowu pa Facebook ndi YouTube. Ndidzaimba nyimbo zanga zokha, kuopa kuti makina awo angazimitse mawu chifukwa cha nyimbo za eni ake. Koma ndilembe bwanji m'pangano kuti kuulutsa tsikulo ndalola, pomwe kudula kachidutswa n'kukaika m'malonda a kampani yothandiza msonkhanowu ndi nkhani ina yofuna malipiro?

Andipatsanso mwayi wosankha nthawi. Potsegulira anthu amakhala chete, koma mipando yambiri imakhala isanadzaze. Panthawi yopuma holo imadzaza, koma aliyense amakhala atakupatsa nkhongo akucheza, woimba n'kusanduka wailesi yapakona. Ine ndikuona bwino nthawi yoti mlendo wamkulu watsala pang'ono kulankhula. Mwina inu mukuona zina.

Tsono nayi nkhani yeniyeni. Woimba akatsika, anthu amamugwira chanza, “mwaimba bwino”, amajambulitsa naye chithunzi, kenako amatembenukira kwa anzawo a masuti. Nkhope yako amaikumbukira kwa mphindi khumi zokha, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe umakhala utawerama ukukulunga zingwe. Izi ndazithetsa, ndidzatenga mnzanga wolongedza katundu. Makhadi ndasindikiza 50, lililonse lili ndi QR code (kachizindikiro kojambula ndi foni) yotsegula kanema wanga wa mphindi imodzi ndi theka. Chomwe ndilibe ndi mawu. Anthu amenewa aliyense ali ndi kankhani kake ka masekondi 30 kofotokoza zomwe amagulitsa, akalankhula mosadodoma. Inenso ndili ndi malonda: ndimapeka tinyimbo totsatsira malonda, ndimaimba pokhazikitsa katundu watsopano, ndimakonza nyimbo zoika pansi pa makanema a makampani. Koma munthu akukuyamikira, iwe n'kumutulutsira khadi nthawi yomweyo, zimaoneka ngati wapemphetsa. Ukangoti zikomo n'kumwetulira, ubwerera ndi makhadi onse 50 m'thumba. Pakati pa ziwirizi ndilankhule chiyani? Kodi ndiyambe ndi kumufunsa za bizinesi yake, ngakhale atayamba kunena za mapulogalamu a pafoni amene sindiwamvetsa? Kapena ndinene pa siteji pomwepo, pakati pa nyimbo yachiwiri ndi yachitatu, chiganizo chimodzi cha ntchito zomwe ndimagwira? Ndikuopa kuti okonza angaone ngati ndaba nthawi yotsatsa malonda yomwe ena alipira.

Za zovala nazonso zandizunguza. Ndikasintha n'kuvala ngati iwo, sandizindikira. Ndikakhala ndi za pa siteji, andizindikira, koma mwina azingondiona ngati wosangalatsa anthu basi.

Chomaliza, ndikudziwa kuti munthu amene wakupatsa khadi umulembere pasanathe masiku awiri asanakuiwale. Kwa amene tinangocheza mphindi ziwiri, uthenga woyambawo ndiikemo mtengo wanga, kapena ndingotumiza kanema n'kupempha kuti tikumane?

Woimba wothedwa nzeru