Dandaulo pa polishi amene wandikandira penti ya galimoto

Kwa Oyang'anira Malonda,

Bwana,

Ndikulemba ndi mtima wowawa chifukwa cha chitini cha polishi wa galimoto chimene ndinagula m'sitolo yanu ya ku Lilongwe masabata awiri apitawa. Lisiti ndasunga, chitini chilipo, ndipo boneti la galimoto yanga lingathe kudzinenera lokha.

Galimotoyi ndi Toyota Axio yakuda. Ndinaitanitsa ku Japan, inatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo ndalama zake ndinasonkhanitsa zaka zingapo ndikudzimana. N'chifukwa chake ndimaitsuka ndekha pakhomo. Pamene ndimaimika pali mtengo wa mango, ndiye zitosi za mbalame ndi utomoni sizisowa, kuwonjezera apo fumbi ndi dzuwa la Okutobala. Pofuna kuteteza penti ndimapaka polishi pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo si ntchito yachilendo kwa ine.

Pachitini chanu munalembedwa kuti ndi phula la carnauba lenileni, lopanda zokwecha, loyenera penti iliyonse. Phula limeneli ndimalidziwa. Limachokera kumasamba a mtundu wina wa mgwalangwa wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, ndi lolimba, ndipo silisungunuka mpaka kutentha kutadutsa madigiri 80. Ntchito yake ndi kuvundikira penti kuti madzi, dzuwa ndi litsiro zisaifike msanga. Ulipo polishi wa mtundu wina wokhala ndi timchenga tosalala, umene opopera penti amachotsera zikande pokhula pang'ono pamwamba. Umenewo uli ndi ntchito yake, koma umafuna kuti munthu adziwe chimene wagwira m'manja, chifukwa kapenti koonekera ka pamwamba, kamene kamapatsa galimoto kunyezimira, n'kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Kakadyeka sikamereranso.

Ndifotokoze mmene ndinachitira, popeza wogulitsa wanu anathamangira kundiimba mlandu. Linali Loweruka m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Ndinatsuka galimoto ndi sopo wa galimoto, osati wochapira zovala, ndowa ina ya sopo, ina yotsukuluzira, n'kuipukuta mpaka kuuma. Inali pamthunzi, ndipo boneti ndinaligwira ndi chikhatho, linali lozizira. Ndinatenga siponji yatsopano, n'kupaka pang'ono pang'ono, n'kudikira kuti polishi ayambe kutuwa, kenako ndinapukuta ndi kansalu kofewa koyera. Pamthunzipo zinkaoneka ngati zili bwino. Nditaitulutsa padzuwa, thupi linandizizira. Boneti lonse linali mizeremizere yozungulira, ngati mphika umene wakwechedwa ndi mchenga kudambo. Ndinatapa polishi pang'ono n'kumufikisa pakati pa zala, ndipo timchenga tinkamveka bwinobwino. Phula lenileni limaterera ngati mafuta. Nditathira madzi paboneti anangoyala, osapanga timadontho tozungulira monga amachitira pamene phula lagwira. Mwayi wake ndinali nditangopaka boneti ndi chitseko chimodzi.

Lolemba ndinabwerera kusitolo ndi chitini komanso lisiti. Mnyamata wa pakauntala anati mwina ndinapaka padzuwa, kenako anandilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinamupempha kuti angoviika chala m'chitinimo amve yekha, anakana. Ndinamupempha atuluke aone galimoto imene inali pakhomo pomwepo, anati ali ndi makasitomala. Akuti inuyo munali kumsonkhano. Ndinasiya nambala yanga ya foni, mpaka lero palibe waimba. Kunena zoona, izi zandipweteka kuposa zikande, chifukwa ndakhala ndikugula oyilo, mafyuluta ndi mababu kwa inu kwa zaka zambiri, ndipo anzanga angapo ndinawalondolera kwanu ndine. Kupaka padzuwa kumaumitsa polishi msanga n'kumuchititsa kuvuta kupukuta, koma sikuika mchenga m'chitini.

Ndapita kwa wopopera penti ku Biwi. Wandiuza kuti zikandezo zingachotsedwe ndi makina, koma zikatero kapenti ka pamwamba kachepa ndithu, ndipo pa malo awiri pafupi ndi galasi la kutsogolo akukayika ngati sipafunika kupopera mwatsopano. Pepala la mtengo umene wanditchulira ndaliphatika pakalatayi pamodzi ndi zithunzi.

Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama ya polishi ndi kulipira ntchito yokonza boneti ndi chitsekocho. Koma chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi zitini zina zimene ndinaziona zidakali pashelefu tsiku lija, zofanana ndi changa. Tsegulani chimodzi muyese. Ngati amene amakupatsani katundu anakusakanizirani, kapena anakugulitsani wachinyengo, kuli bwino mudziwe lero, wina asanapake galimoto yonse. Ambiri amene amagula kwa inu ndi oyendetsa mataxi, anthu oti penti ikawonongeka alibe pogwira.

Sindikufuna milandu. Komabe dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo chikwangwani cha pakauntala sichichotsa udindo wa wogulitsa pamene katundu sakugwirizana ndi zolembedwa pachitini. Masiku 14 akatha osamva kanthu, ndidzakatula nkhaniyi ku bungwe lomva madandaulo a ogula la Competition and Fair Trading Commission, ndipo chitinicho ndidzapita nacho ku Malawi Bureau of Standards kuti akaone zimene zili m'katimo.

Lachisanu likudzali ndibwera ndi galimoto cha m'ma 11 koloko m'mawa. Ndasankha nthawi imeneyi dala, chifukwa zikandezo zimaoneka bwino dzuwa likakhala pamutu. Chonde mudzapezekepo nokha.

Ine kasitomala wanu wakale,
wa ku Lilongwe