Akuti mwana wanga amamva pang'ono, asalowe nawo mpikisano

Agogo,

Ndikulemba pakati pa usiku, tulo sindikutiona. Mwana wanga wamkazi wa zaka 17 wadzitsekera kuchipinda chichokereni kusukulu, chifukwa cha mpikisano wolemba nkhani zazifupi wa achinyamata osamva.

Malamulo ake akuti wolowa akhale wa zaka 13 mpaka 19, nkhani alembe yekha popanda wamkulu kuikapo dzanja, komanso atumize pepala la kuchipatala losonyeza kuti makutu onse awiri ali ndi vuto loyambira ma decibel 70 kupita m'mwamba (decibel ndi muyeso wa kukula kwa mawu; nambala ikakwera ndiye kuti vuto la kumva ndi lalikulu). Pepala lathu likuti khutu lakumanzere 95, lakumanja 60. Aphunzitsi ake atangoliona anati, "Uyu amamva pang'ono, musavutike." Pang'ono pake pati? Anthu tikamacheza bwinobwino mawu athu amakhala cha m'ma 60 momwemo. Akavula kachipangizo ka m'khutu, ndimayankhula naye titakhala pampando umodzi, iye maso ali pamilomo yanga kuti atolepo kanthu.

Anadwala matenda oumitsa khosi ali ndi zaka 6. Zimene zinachitika tisanapite naye kuchipatala sindizilemba pano. Achibale a bambo ake akudziwa zomwe anandiuza masiku amenewo, koma lero omwewo ndi amene amandiloza chala. Bambo akewo sanaphunzirepo ngakhale moni wa chinenero chamanja. Ndinaphunzira ndine, ndekha, anzanga akundiseka.

Palinso china. Mwanayu akamalemba, mawu amawasanja monga amachitira ndi manja, chifukwa chinenero chamanja chili ndi malamulo akeake. Amayamba ndi nthawi, kenako chinthucho, zochitika pambuyo. Ine ndinaopa kuti oweruza aziona ngati sadziwa kulemba, ndiye nkhani yake ya mpikisanoyo ndinaikonzako pang'ono iye ali kusukulu. Mayi wanji angaone mwana wake akukasekedwa n'kungokhala chete? Atawerenga anandiyang'ana, nagwedeza mutu, n'kundiuza ndi manja kuti, "Si yanga." Sanalire. Bola akanalira.

Chondiwawa n'choti mnzake wina wa m'kalasi, yemwe anabadwa wosamva, walowa popanda womufunsa. Aliyense akudziwa kuti mchimwene wake ndiye amamutayipira zonse pakompyuta, ndipo mayi ake amadzitama nazo pagulu lathu la makolo pa WhatsApp, mpaka kutumiza zithunzi. Za iwowo palibe akunena. Wanga kwa anthu akumva amatchedwa gonthi, kwa osamva akuti amamva. Apite kuti?

Ndiye ndithandizeni, agogo. Ndiwalembere okonza mpikisano kuti aganizirenso za khutu lakumanjalo, kapena ndizioneka ngati ndikupempha chifundo? Tikamuyezetsenso, poti pepalalo ndi lakale, mwina vuto linakula? Ndikuchita manyazi kuti mtima wanga ukulakalaka zimenezo. Nanga nkhani ija, yoyambirira idakali m'kope lake, koma kodi mmene ndinaigwira ine ndiye kuti lamulo laswedwa kale? Ndikawauze, kapena ndingokhala chete monga amachitira anzathu aja? Mpikisano ukutsekedwa kumapeto kwa mwezi uno, ndipo mwanayo akandiona ndikukweza manja kuti ndiyankhule naye, amatseka maso.

Ine mayi wosowa pogwira