Kalata kwa mwana wanga wa ku East London, ku South Africa, pa za kholo lochokera ku Germany

Wokondedwa mwana wanga,

Chithunzi cha tsamba loyamba la Baibulo lakale lija chinandipeza, ndipo ndakhala ndikuchiyang'anitsitsa nditavala magalasi madzulo aliwonse. Ndakondwa kuti iwe ndi amuna ako mwatsimikiza kufufuza mbiri ya kholo lawo lochokera ku Germany, popeza magazi a munthu ameneyo ali mwa adzukulu anga monga momwe anga alili.

Wandiuza kuti wapeza pa intaneti mndandanda wa makolo wokhala ndi dzina la banja lomwelo, ndipo ukufuna kungoukopera. Usafulumire, mwana wanga, chifukwa kufanana dzina si ubale. Chimene uyenera kusaka choyamba ndi dzina la mudzi umene munthuyo anabadwira. Mawu akuti Germany paokha sangakufikitse kulikonse, pakuti dzikolo linakhala limodzi mu 1871, pamene chaka cholembedwa m'Baibulomo ndi 1858. Kaundula wa boma wa obadwa, okwatira ndi omwalira anayamba mu 1874 ku Prussia, ufumu waukulu wa m'dzikolo, n'kufalikira dziko lonse mu 1876. Zaka zimenezi zisanafike, m'madera ambiri zonsezi zinkalembedwa ndi abusa m'mabuku a mpingo, mpingo uliwonse ndi buku lakelake, kotero wosadziwa mudzi sadziwa buku loti atsegule.

Chaka cha 1858 chikundiganizitsa kuti iyeyu anali mmodzi wa alimi osauka amene bwanamkubwa wa ku Cape, Sir George Grey, anawaitanitsa kudzera ku kampani ya Godeffroy ya ku Hamburg, ambiri mwa iwo ochokera ku Pomerania ndi Uckermark, zigawo za Prussia. Usawasokoneze ndi asilikali a British German Legion, gulu la Ajeremani olembedwa ntchito ndi Britain, amene anafika mu 1857 motsogozedwa ndi Baron von Stutterheim. Ngati anakwereradi ku Hamburg uli ndi mwayi, chifukwa maina a okwera sitima padoko limenelo kuyambira 1850 mpaka 1934 anasungika, ndipo pambali pa dzina amalembapo zaka za munthu, ntchito yake ndi kumene ankakhala. Maina a okwerera padoko lina la Bremen ambiri anawonongeka.

Komabe usayambire kutsidya la nyanja. Pita kaye kwa azakhali a amuna ako ku tauni ya Stutterheim, ukagoneko, ukawafunse modekha uli ndi kope m'manja, osati pa foni ayi. Akuonetse manda, ndipo ukalembe zonse zili pamwala monga momwe zilili, ngakhale chilembo chimene chikuoneka cholakwika. Ukatero ufunse ku nyumba yosungirako zakale ya boma ku Cape Town za chikalata cha imfa chimene chimakhala mu failo ya chuma cha masiye. Kapepala kameneko kawirikawiri kamatchula kumene womwalira anabadwira, makolo ake ndi ana ake onse.

Zolemba za m'Baibulozo zili mu kalembedwe kakale kotchedwa Kurrent, mmene e ndi n zimafanana kwambiri, choncho usaganizire dzina la mudzi. Peza wodziwa akuwerengere. Dziwanso kuti mbali yaikulu ya Pomerania ili ku Poland kuyambira 1945, ndipo midzi inasintha maina monga momwe Stettin inasandukira Szczecin.

Pali china chimene ndikukupempha ndi mtima wonse. Minda imene alimiwo anapatsidwa inali m'dziko la Axhosa, amene panthawiyo anali atangosakazidwa ndi njala imene inadza iwo atapha ng'ombe zawo pomvera ulosi mu 1856 ndi 1857. Kholo limeneli linathawa umphawi, ndipo linavutikadi, koma linakhala pamalo pamene panali eni ake. Ukamadzalembera ana mbiriyi, udzalembe zonse ziwiri, popeza anzawo amene akuphunzira nawo ndi adzukulu a eni malowo.

Unditumizirenso chithunzi cha tsamba lomaliza la Baibulolo, pamene unati pali maina a ana ndi masiku a ubatizo. Amayi ako akupereka moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine bambo ako.