Zikomo chifukwa cha chithunzi cha kakwiyo

Kwa Akuluakulu a kampani,

Bwana,

Ndalemba kalatayi kuthokoza chifukwa cha chithunzi cha kakwiyo chopenta pamanja chimene munapereka kusukulu yathu mwezi watha. Tachipachika m'kalasi ya Sitandade 7, pakhoma loyang'anana ndi zenera kuti kuwala kuzichifikira bwino.

Tsiku loyamba ana onse anafuula kuti, "Kambuku!" Sindinawakalipire, poti inenso ndinakula ndikudziwa kuti chilombo chilichonse chamawangamawanga ndi kambuku basi. Ndinangoti ayandikire, ayang'anitsitse.

Wojambula wanu sanachite zongothamangira. Mizere iwiri yakuda yotsika m'maso mpaka m'mbali mwa kamwa, ngati misozi, ilipo. Madontho ndi akuda bii, odzaza, osati aja a kambuku okhala ndi pakati pofiirira. Kamutu kakang'ono, mimba yolowa m'kati, miyendo italiitali. Koma chinandigwira mtima ndi zikhadabo. Zikuonekera panja ngati za galu, chifukwa kakwiyo sazibweza zonse m'kati monga achitira mphaka. N'zimene zimamuthandiza kugwira nthaka akamathamangitsa nswala pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola. Wojambula waulesi akanangobisa mapaziwo muudzu, palibe akanadandaula.

Ndinawafotokozera anawo kuti nyamayi inatheratu m'Malawi muno kwa zaka pafupifupi 20, mpaka mu 2017 pamene a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anabweretsa akakwiyo anayi kuchokera ku South Africa n'kuwaika ku paki ya Liwonde. Ku Majete anafikako mu 2019. Padziko lonse atsala pafupifupi 7,000 okha. M'kalasi munangoti zii. Ambiri mwa ana amenewa kwawo n'kufupi ndi paki, koma sanalowemo n'kamodzi komwe, ndipo ngakhale olowamo si onse amene amachita mwayi womuona. Tsopano akumudziwa nkhope.

Makala a kukhitchini ya phala ayamba kusowa, ndipo kuseri kwa makope kwadzaza akakwiyo, ena ooneka ngati mbuzi, koma misozi ija palibe amaiiwala.

Mukaonana naye wojambulayo mutiperekere moni. Mumuuzenso kuti mtsikana wina m'kalasi mwanga akufunsa kuti ubweya wa pakhosi paja anaupenta ndi burashi yotani, chifukwa iye wayesa ndi nthenga ya nkhuku koma zakanika.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Sitandade 7
Machinga