Flagyl si mankhwala a kutsekula m'mimba kulikonse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira sabata yatha, makamaka poti mvula yayamba ndipo matenda otsekula m'mimba ayambanso kuyenda khomo ndi khomo.

Lachitatu usiku mayi wina woyandikana nane anagogoda pakhomo panga atabereka mwana. "Anamwino, tamuonani mdzukulu wanuyu, wangoti lefuu." Mwanayo ndi wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndipo anali atatsekula masiku atatu. Maso anali atalowa, liwombo litalowa, milomo ili gwaa, akulira koma misozi osatuluka. Nditamutsina khungu la pamimba linachedwa kubwerera. Ndinafunsa kuti mwamupatsa chiyani, ndipo mayiyo anamasula mfundo ya pachitenje n'kundionetsa mapiritsi a Flagyl amene anagula pa benchi kumsika. Ankadula piritsi pakati, kulinyenya pa supuni, n'kumumwetsa m'mawa ndi madzulo. Nanga Thanzi ORS? Anati sanamupatse, poopa kuti akamwa madzi ambiri atsekula kwambiri. Tinakwera njinga yamoto usiku womwewo, kuchipatala anamuika diripu, ndipo lero mwanayo akuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Mayiyu sindikumudzudzula ayi. Anachita zimene anaona amayi ake akuchita, zimene ambiri a ife timachita. M'mimba mukangoti kulubwada, maganizo amathamangira kwa maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya, monga Flagyl, Bactrim kapena makapusozi. Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo ndikunenetsa kuti chizolowezi chimenechi chikupha ana athu mwakachetechete, chifukwa kholo limakhazikika mtima pansi kuti mwana wamwa mankhwala, pamene madzi akutha m'thupi.

Chimene chimapha munthu wotsekula m'mimba nthawi zambiri ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Ndipo ana ambiri amatsekula chifukwa cha mavairasi, makamaka rotavirus, imene katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2012. Vairasi samva antibayotiki aliyense. Ngakhale mwana amwe botolo lathunthu, vairasi adzatha yekha pa nthawi yake, patatha masiku angapo. Chofunika pa masiku amenewo n'kubwezera madzi. Paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, mwana azimwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachita chimbudzi, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso ndi supuni. Bere lisasiyidwe, phala lisasiyidwe. Pamwamba pake pakhale zinki: mamiligalamu 20 patsiku kwa mwana wopitirira miyezi 6, mamiligalamu 10 kwa wochepera apo, kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsekulako kutasiya. Thanzi akasowa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo angamusunge munthu pa ulendo wa kuchipatala.

Sindikunena kuti maantibayotiki alibe ntchito. Ali nayo, ndipo pamalo pake amapulumutsa moyo. Munthu akamachita chimbudzi cha magazi, chimene timati kamwazi, kawirikawiri amakhala ndi bakiteriya wotchedwa Shigella, ndipo madokotala amalemba ciprofloxacin, amene timangoti cipro, kwa masiku atatu. Wodwala kolera amene watha madzi kwambiri amapatsidwa doxycycline kamodzi kokha, kapena azithromycin, koma izi zimabwera pambuyo pa madzi. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700. Amene anapulumuka m'matenti muja anapulumuka ndi ORS ndi diripu. Piritsi linkangofupikitsa matendawo. Ndiye Flagyl, amene dzina lake lenileni ndi metronidazole, ntchito yake pa kutsekula m'mimba ndi yochepa ndithu: amapha tizilombo ta amiba ndi giardia. Kolera samugwira, Shigella samugwira, rotavirus samugwira. Amene angasiyanitse matenda amenewa ndi wachipatala amene wamuona wodwalayo, ndipo nthawi zina mpaka chimbudzi chiyezedwe.

Tsono dokotala akakulemberani mankhwala otere, kamwedwe kake n'kofunikanso. Apa m'pamene ndimaona anthu ophunzira bwino akulakwitsa. Womwa Flagyl asakhudze mowa, kaya wa m'botolo, masese kapena kachasu, mpaka patapita masiku awiri chimalizireni mankhwala. Apo ayi amasanza koopsa, mutu kuwawa, mtima kuthamanga. Cipro asamwedwe pamodzi ndi mkaka, chambiko, mankhwala a chilungulira, mapiritsi owonjezera magazi kapena zinki, chifukwa zinthu zimenezi zimamugwira m'matumbo osalowa m'magazi. Imwani cipro kaye, zinazo zidikire maola osachepera awiri. Mukamva kuwawa mtsempha wa kuseri kwa chidendene muli pa cipro, siyani n'kubwerera kuchipatala. Doxycycline amafuna kapu yodzaza madzi, ndipo musagone pansi mutangomwa, amaotcha kum'mero. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anene yekha asanalembedwe mankhwala, asadikire kufunsidwa. Ndipo masiku amene alembedwa m'buku la kuchipatala akwane. Kumwa masiku awiri, kupeza bwino, n'kusunga otsalawo m'kabati kuti adzathandize wina, n'kumene kumaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala.

Za Bactrim ndinenepo padera. Abale athu ambiri amene ali pa ma ARV amalandira Bactrim womwa tsiku ndi tsiku kuti awateteze ku matenda ena. Chifukwa cha chifundo, mnzawo akadandaula m'mimba amamutapirako awiri atatu. Chifundo chimenecho chimamulanda mwiniwake chitetezo, komanso pali anthu amene thupi lawo silimvana ndi Bactrim: amatuluka matuza thupi lonse, m'kamwa ndi m'maso, ngati apsa ndi moto. Amene anasamalirapo wodwala wotero saiwala. Mapiritsi oimitsa kutsekula aja, a loperamide, asapatsidwe kwa ana aang'ono, ndiponso asamwe munthu amene akutuluka magazi kapena watentha thupi, chifukwa amatsekera tizilombo m'matumbo.

Wina angafunse kuti vuto lili pati ngati munthu wamwa piritsi losafunikira koma wachira. Vuto talionapo kale kuno kwathu. Kuyambira cha mu 2011, ku Blantyre kunafala taifodi wosamva chloramphenicol, ampicillin ndi Bactrim, mankhwala otsika mtengo amene tinkadalira kwa zaka zambiri. Tinatsala tikudalira cipro, ndipo boma linabweretsa katemera wa taifodi mu 2023. Cipro yemweyo ndi amene lero akugulitsidwa awiriawiri ngati maswiti. Akasiya kugwira ntchito, mwana wa kamwazi kumudzi tidzamupatsa chiyani? Mankhwala otsatira ake ambiri ndi obaya, okwera mtengo, ndipo sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse.

Ifenso a zaumoyo tili ndi mbali yathu pa mlanduwu, ndipo sindibisa. Mzere ukatalika, wodwala n'kumaoneka kuti sakhutira ndi paketi ya Thanzi yokha, zimaphweka kulemba Flagyl kuti apite. Anzanga amene mukali pa ntchito, mphindi ziwiri zofotokozera mayi chifukwa chimene simunamupatse piritsi n'zamtengo wapatali. Muuzeninso zizindikiro zoti abwerere nazo msanga, usiku ngakhale masana: magazi m'chimbudzi, chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, kusanza chilichonse, kukana kuyamwa kapena kumwa, kutentha thupi, kufooka kapena kugona kosadzutsika, kusakodza, ndi kutsekula kosasintha patatha masiku atatu.

Pempho langa lipite ku bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi ku Unduna wa Zaumoyo. Lamulo limati maantibayotiki agulitsidwe ndi kalata ya dokotala, m'malo ovomerezeka. M'mawa mwake mwa usiku uja ndinazungulira kumsika kwathu. Flagyl ndinamupeza pa mabenchi angapo, ali pa dzuwa, wina wopanda ndi tsiku lothera mphamvu lomwe. Thanzi ORS ndi zinki sindinazipeze paliponse mpaka nditafika ku famase. Chotsani mapiritsiwo pa mabenchi, koma onetsetsaninso kuti Thanzi ndi zinki zikupezeka m'magolosale a m'midzi ndi kwa alangizi a zaumoyo mvula isanakhwime, kuti mayi amene mwana wake wayamba kutsekula usiku apeze choyenera pafupi ndi khomo lake.

Namwino wopuma pa ntchito,
Zomba